Kuchokera kwa Kaduya Mpaka ku Nkhata Bay: Ulendo wa Banja M'mbali mwa Nyanja ya Malawi

Pamsika wa Migowi ku Phalombe usipa susowa. Amayi amaugula m'milu kapena pakambale, ndipo pofika madzulo umakhala uli m'miphika ya m'midzi ya kwa Kaduya, pambali pa nkhwani ndi nsima. Usipawo suchokera ku Chilwa, nyanja yathu yapafupi, pakuti ya kumeneko ndi matemba, makumba ndi milamba. Umachokera ku nyanja ya Malawi, ndipo umafika utayenda usiku wonse m'matumba pamwamba pa malole. Magetsi amene amayendetsa zigayo zathu nawonso ndi mphatso ya nyanja yomweyo, chifukwa madzi ake ndi amene amatsika ndi mtsinje wa Shire n'kukazunguza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Chonsecho anthu ambiri a kuno amabadwa, kukula mpaka kukalamba osaiona nyanjayo ndi maso. Ena amati n'kutali, ena amati kumeneko n'kwa azungu ndi mabwana. Nkhani ino ikutsata msewu umene banja la kwa Kaduya lingadzere, kuchokera m'tsinde mwa phiri la Michesi mpaka ku Nkhata Bay, likuima m'matauni ndi m'madooko. Mwana amene wayenda msewu umenewu amalidziwa dziko lake mwa njira imene bolodi ya m'kalasi payokha singamupatse.

Kunyamula khomo paulendo

Ku Ulaya, ku Australia ndi ku South Africa mabanja ambiri ali ndi kanyumba ka matayala kamene amakoka ndi galimoto, momwe muli mabedi, pophikira ndi thanki ya madzi. Kuno timakaona ndi alendo akunja amene amamanga misasa ku Chembe, ku Senga Bay ndi ku Kande. Nzeru yake ndi yoti ukanyamula pogona ndi pophikira, ndalama zambiri zimangopita ku mafuta, ndipo umaima pamene mtima wafuna. Nzeru imeneyi siilira kanyumba kodula. Mabanja awiri kapena atatu atha kusonkherana, mwina kudzera ku banki m'khonde, n'kupanga hayala minibasi, kapena kupempha malume amene ali ndi Sienta. Kumbuyo mulowe mbaula, miphika, ufa, nandolo, makaka, mchere, mphasa, zofunda, maneti a udzudzu ndi zigubu za madzi akumwa. Malo ambiri ogona alendo m'mbali mwa nyanja amalola anthu kukhoma tenti pamtengo wotsika kuposa wa chipinda, ndipo m'matauni onse akuluakulu muli maresitihausi a mtengo woyenera munthu wamba.

Nthawi yabwino ndi ya chilimwe. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera imene imautsa mafunde aakulu, moti masiku ena asodzi amangokhala kumtunda n'kumasoka maukonde. Mu Sepitembala ndi Okutobala nyanja imakhala bata ndipo madzi amayera, koma dzuwa limaswa mtengo. Nyengo ya mvula ndi yovuta, chifukwa mitsinje yotsika m'mapiri imadula misewu ndi milatho, monga zinachitikira ku Dwangwa mu 2024. Woyendetsa aonetsetse kuti mapepala a galimoto ali m'malo, poti marodibuloko ndi ambiri, ndipo athire mafuta pa tauni iliyonse yaikulu osadikira kuti thanki ifike pansi.

Musananyamuke, ndi bwino kuwaonetsa ana mpata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje. Pamenepo padali njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo yopita kunyanja yamchere ku Mozambique, ndipo mu 1893 boma la atsamunda lidamangapo linga la Fort Lister kuti litseke njirayo. Nkhani imeneyi mukaipezanso ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, ndipo ana akamvetsa kuti mbiri ya kwathu ndi ya kunyanja ndi imodzi.

Zomba ndi Liwonde

Msewu wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale umadutsa m'chigwa cha Chilwa, m'minda ya mpunga, chimanga ndi nandolo. Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Phalombe, Likangala, Domasi ndi ina imathiramo, koma madziwo amangouma ndi dzuwa, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. Ndi yosaya, moti m'malo ambiri bwato amaliyendetsa pokankha ndi nsungwi yaitali, ndipo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kutsala pang'ono kutheratu mu 2018. Mwana aisunge m'mutu nyanja imeneyi kuti akaiyerekeze ndi imene akukaiona.

Mzinda wa Zomba, umene udali likulu la dziko mpaka 1975, ndi poyenera kugula zotsala ndi kuthira mafuta. Kuchoka apo msewu wa M3 umadzera ku Domasi, Malosa ndi Machinga, n'kutsetserekera ku Liwonde, mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Kutentha kumayamba kumveka, malambe ayamba kuoneka, ndipo mukafika pa mlatho wa Shire mwakumana ndi madzi a m'nyanja ya Malawi koyamba, pakuti Shire ndiye mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanjayo.

Mlatho umenewu ndi Kamuzu Barrage, umene udamangidwa mu 1965. Pansi pake pali zitseko zachitsulo zimene amatsegula kapena kutseka pofuna kuti madzi opita kumakina a magetsi asachepe m'chilimwe. Kufunika kwa zitsekozi kumamveka tikakumbukira kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja idatsika kwambiri moti Shire adaleka kutuluka. Zoterezi zitachitika lero, mbali yaikulu ya dziko ingakhale mumdima. Pamadzipo muonanso namasupuni, udzu woyandama umene umatseka makina ngati suchotsedwa.

Banja lokhala ndi nthawi lilowe m'nkhalango ya Liwonde, imene idakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Muli njovu, mvuu, ng'ona, zipembere ndi mikango, ndipo Amalawi amalipira mtengo wotsika kuposa alendo akunja.

Mangochi, pakhomo pa nyanja

Kuchoka ku Liwonde msewu umalowera kumpoto kudzera ku Ulongwe, ndipo kudzanja lamanja kuli nyanja ya Malombe, imene kwenikweni ndi Shire yemweyo atatambasuka. M'mbali mwa msewu amagulitsa mikeka, madengu ndi zipewa zolukidwa ndi mlaza. Mizikiti imayamba kuchuluka, chifukwa mwalowa m'dziko la Ayao, la mafumu Mponda, Makanjira ndi Jalasi. Apa mwana aphunzire kupereka moni woti "Ali uli?" ndi kuitana akulu ndi ulemu wa "Che", umene ngakhale ku Phalombe si wachilendo.

Tauni ya Mangochi idayamba ngati linga la Fort Johnston mu 1891, ndipo dzinalo lidachokera kwa Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda. Cholinga chidali kugwira pakamwa pa nyanja, pomwe amalonda a akapolo ankaolokera. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti yaikulu yochokera m'sitima ya Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitimayi idapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Nkhondo imene idagwedeza dziko lonse idaombera imodzi mwa mizinga yake yoyamba ya pamadzi pa nyanja yathu.

Pamalo omwewo pali chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene idamira pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Chitimba kumpoto, itakumana ndi namondwe, ndipo anthu 145 adafa. Makolo aime ndi ana pamenepa asadafike kumadzi, awauze kuti nyanja imafuna ulemu. Kutsidya kwa msewu kuli nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, momwe muli mabwato, zida za usodzi ndi zithunzi za sitima zakale.

Kuchoka m'tauni, msewu wopita ku Monkey Bay, wa makilomita oposa 60, umadutsa m'migwalangwa ndi m'malambe. Ku Mpwepwe kuli sukulu ya zausodzi, kutsogolo pang'ono kuli kampani ya nsomba ya Maldeco ndi mahotela a Nkopola ndi Makokola. Ndi m'dera lino momwe mwana wa kwa Kaduya amayamba kuona madzi opanda tsidya. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, pena ndi yotambalala makilomita 75, ndipo kumpoto imazama mamita pafupifupi 700. Ndi yachitatu kukula kwake mu Africa, potsatira Victoria ndi Tanganyika. Ili m'chigwa chachikulu chimene chidapangika nthaka itang'ambika zaka mamiliyoni zapitazo. Pansi pa mamita pafupifupi 250 mulibe mpweya wopuma, kotero nsomba zonse zimakhala m'madzi apamwamba.

Mmawa padooko

Amene akufuna kuidziwa nyanja alawirire padooko. Usiku mumaona nyali zambirimbiri zili ndandanda pamadzi. Amenewo ndi asodzi a usipa, amene amakopa nsombazo ndi kuwala, kenako n'kuzizinga ndi khoka lotchedwa chilimira. Kukamacha mabwato amakocheza, ndipo amayi ogula nsomba amakhala atafika kale ndi mabeseni. Usipa wina amauyanika pa mathandala, wina amaufutsa, ndipo chambo, kampango ndi mcheni amaziwamba kapena kuzigulitsa zaziwisi. Mayi wa kwa Kaduya amene wazolowera kugula usipa wouma adzafunsa kuti, "Achimwene, beseni ili mukupanga bwanji?" ndipo adzaona yekha kusiyana kwa mtengo wa padooko ndi wa ku Migowi, komanso manja onse amene nsombayo imadutsamo isadafike kwathu.

Padooko pomwepo ndi poyenera kufotokozera ana za chambo. Chambo chachimuna chimakumba chisa mumchenga pansi pa madzi, chachikazi n'kuikira mazira, kenako n'kuwatola ndi kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa. Ngakhale tiana titayamba kusambira, tikaona choopsa timathawira m'kamwa mwa mayi wawo. Choncho msodzi akagwira chambo chimodzi chofungatira, wapha mazana a nsomba za mawa. N'chifukwa chake kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena, ndipo kugwira kasawala, amene ndi ana a chambo, n'koletsedwa. Chambo chachepa kwambiri poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980, makamaka ku Malombe ndi kummwera kwa nyanja. Zifukwa zake ndi kuchuluka kwa asodzi, maukonde a maso aang'ono, kukokola ndi maneti a udzudzu, kudula mabango momwe tiana timabisala, ndi dothi lokokoloka kuchokera kumtunda kumene mitengo idatha. Ife ogula tili ndi gawo pamenepa. Tikakana kugula kasawala, wogwira kasawala adzasowa msika.

Monkey Bay ndi Chembe

Monkey Bay ndi dooko lobisika pakati pa mapiri, ndipo ndi kwawo kwa sitima ya Ilala. Sitimayi adaipanga ku Scotland, n'kuibweretsa m'zidutswa, ndipo adailumikiza konkuno n'kuyamba kuyenda mu 1951. Kwa zaka zoposa 70 yakhala ikunyamula anthu, chimanga, simenti, mbuzi ndi nsomba kupita ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya mpaka ku Chilumba. Midzi ina ya kumpoto, yotsamira mapiri otsetsereka, imadalira njira ya pamadzi kuposa msewu. Dzina la Ilala ndi la dera la ku Zambia kumene David Livingstone adafera mu 1873.

Musadalowe m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano yolowera ku Cape Maclear, mtunda wa makilomita pafupifupi 18 wodutsa m'mapiri. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yakuya yooneka ngati mphini, imene idakumbika ndi mvula, dzuwa ndi mphepo. Kumapeto kwa msewu kuli mudzi wa Chembe, umodzi mwa midzi ikuluikulu ya asodzi m'dziko muno, ndipo kutsogolo kwake kuli zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo.

Mu Okutobala 1875 kudafika amishoni a ku Scotland pa sitima yoyamba yotchedwa Ilala, motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo m'gululo mudali Dr Robert Laws. Pofuna kulambalala mathithi a Shire, sitimayo adaiphwasula ndipo anthu mazanamazana a m'midzi adaisenza pamutu mpaka kumtunda kwa mathithiwo. Mishoni yoyamba ya Livingstonia idali pano. Malungo adapha amishoni angapo, ndipo manda awo akadalipo m'tsinde mwa phiri. Munthu woyamba kubatizidwa adali Albert Namalambe mu 1881, ndipo chaka chomwecho mishoni idasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894.

Dera lino ndi Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Chifukwa chake ndi nsomba. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, mazanamazana, ndipo yochuluka mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Zotchuka ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala ta mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yamizeremizere. Mbuna siziwoloka mchenga kapena madzi akuya, kotero gulu lililonse limakhala pa miyala yake kwa mibadwomibadwo mpaka kusanduka mtundu wapadera. Akatswiri a sayansi amachokera kutali kudzaphunzira zimenezi, ndipo anthu a ku Ulaya, America ndi Asia amaziweta m'magalasi m'nyumba zawo. Ku Otter Point mwana atha kuziona atangoima pamwala. Anyamata a mabwato amaperekezanso alendo ku Thumbi, komwe amaponya nsomba pamadzi, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo kudzaiwakha. Imeneyi ndi mbalame yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi.

Pali malamulo a pamadzi amene banja lisawaphwanye. Musadasambe, funsani eni dera: "Pepani bambo, ana angasambe pano?" Iwo ndi amene amadziwa pamene pali ng'ona, mvuu kapena phompho. Pewani pakamwa pa mitsinje ndi m'mabango, ndipo musalowe m'madzi usiku. Musakwere bwato lodzaza mopyola muyeso kapena mwera ukuomba. M'madzi odekha a pafupi ndi midzi muli nkhono zofalitsa likodzo, kotero mukabwerako pitani kuchipatala mukafotokoze kuti mudasamba m'nyanja, chifukwa mankhwala ake alipo. Usiku aliyense agone m'neti.

Mua, Chipoka ndi Senga Bay

Kuchoka ku Monkey Bay msewu wa M10 umalowera kumadzulo n'kukakumana ndi M5, msewu waukulu wa m'mbali mwa nyanja, chakufupi ndi Golomoti. Pamenepa musadutse osaima pa Mua. Mishoni ya Akatolika imeneyi idayamba mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, amene Achewa adawapatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni. M'nyumba ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, pamodzi ndi nkhope mazanamazana za Gule Wamkulu, amene UNESCO idamuvomereza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Mwana wa Chilomwe wozolowera tchopa aona kuti anzake nawo ali ndi njira zawo zolangizira, zolirira maliro ndi zolemekezera makolo. Alangizidwe kulowa mwaulemu, pakuti kwa eni ake zimenezi n'zopatulika.

Kutsogolo kuli Chipoka, dooko limene njanji imakumana ndi nyanja. Njanjiyo idafika ku Salima mu 1935. Kuchokera m'tauni ya Salima msewu wa makilomita pafupifupi 20 umakafika ku Senga Bay, gombe limene anthu a ku Lilongwe amadzadza pa Khirisimasi ndi pa Isitala. M'njira muli osema ziboliboli, ndipo pagombe pali malo okhomapo matenti. M'mudzi wa asodzi mumva Chichewa, Chiyao, Chitonga ndi Chitumbuka padooko limodzi, chifukwa asodzi amatsata nsomba osayang'ana malire a maboma.

Boma la Salima lili ndi chitsanzo chimene dziko lonse lingaphunzirepo. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira ya ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nyengo ya mvula ikafika, cha mu Disembala, aliyense amachoka pachilumbapo mpaka cha mu Epulo, pomwe amachita mwambo wotsegulira. Mowa ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Zotsatira zake n'zoti utaka wa ku Mbenji ndi wotchuka chifukwa cha kukula ndi kuchuluka kwake. Lamulo limene anthu adzipangira okha ndipo amalikhulupirira limagwira ntchito ngakhale wapolisi palibe.

Nkhotakota

Kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 110. Msewu umaoloka mitsinje yambiri ndi pakamwa pa thamanda la Chia, pomwe amagulitsa nsomba zaziwisi m'mbali mwa mlatho. Minda ya chinangwa imachuluka, ndipo nsima ya kuno ndi kondowole. Anthu a ku Phalombe amachidziwa chinangwa kudzera m'makaka, koma kuno amachiviika m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke, n'kuchiyanika, n'kuchisinja. Kondowole ndi chambo chowamba kapena mpunga wonunkhira wa m'madambo a kuno ndi chakudya choti ana alawe.

Nkhotakota ndi tauni yakale imene ili ndi bala lalikulu. M'zaka za m'ma 1840 kudafika Mswahili wina, Salim bin Abdullah, amene adakhala Jumbe woyamba. Iye ndi omutsatira adasandutsa dooko lino msika wa minyanga ndi akapolo. Anthu zikwizikwi ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankawalonga m'zombo za matanga n'kuwaolotsa kupita kutsidya la kummawa, kenako ankayenda pansi miyezi ingapo kukafika ku Kilwa, ndipo ambiri ankafera m'njira. Livingstone, amene adaiona nyanjayi koyamba mu Sepitembala 1859, adafika kuno mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mtengo wa mkuyu umene akuti adakhalapo pokambirana ndi Jumbe ukadalipo pa mishoni ya Anglican. Mu 1889 Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe wa nthawi imeneyo, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1890 malondawo adatha. M'tchalitchi cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja mu 1895.

Nkhani imeneyi makolo asaizembe. Ana auzidwe zoona, kuti ogula adali akunja koma ogwira ndi ogulitsa ambiri adali anthu a dziko lomwe lino, ndipo kuti munthu akayamba kuona mnzake ngati katundu palibe choipa chimene angachiope. Auzidwenso kuti zidzukulu za onsewo, Asilamu ndi Akhristu, lero zimagulitsa pamsika umodzi ndi kuikirana maliro. Tauni yomweyi ili ndi mbiri ina ya ufulu: mu 1960 chipani cha Malawi Congress chidachita msonkhano waukulu kuno, pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adasankhidwa kukhala mtsogoleri wamuyaya wa chipanicho.

Kumadzulo kwa tauni kuli nkhalango ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800. Opha nyama mozemba adatsala pang'ono kumaliza njovu zake, koma mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zidasamutsidwira kuno pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. M'nkhalangomo mumadutsa mtsinje wa Bua, umene nsomba ya mpasa imakwera kuchokera m'nyanja kukaswana. Mpasa umafuna madzi oyera ndi miyala yopanda matope, kotero watha m'mitsinje yambiri imene m'mbali mwake mudalimidwa, koma mu Bua ukadalimo chifukwa mitengo ikadalipo.

Ku Utonga

Mtunda wotsala, wa makilomita pafupifupi 200, umadutsa m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa n'kulowa m'boma la Nkhata Bay. Mvula ya kuno ndi yambiri, kotero kumakhala kobiriwira ngakhale m'chilimwe. Moni ndi "Mwe uli?" ndipo bambo wamkulu mumamuitana kuti "Ada". Ku Bandawe kuli tchalitchi chakale cha njerwa ndi manda a amishoni, ndipo sukulu za kumeneko ndi zimene zidachititsa kuti Atonga akhale m'gulu la anthu oyamba kudziwa kulemba ndi kuwerenga, n'kukagwira ntchito mpaka ku Harare ndi ku Johannesburg. Magombe a Kande ndi Chintheche ali ndi mchenga woyera, ndipo patali pamadzi mutha kuona chinthu chonga utsi chikukwera kumwamba. Imeneyo ndi nkhungu, touluka ting'onoting'ono toswana m'madzi, timene anthu a kuno amakola ndi madengu n'kupanga ndiwo. Musadafike ku boma mudutsa m'nkhalango ya mitengo ya mphira ya Vizara, pomwe ana amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wake.

Tauni ya Nkhata Bay yakhala pa zitunda zozinga dooko. Pa 3 Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti zinthu zavuta m'dziko, atsogoleri a Nyasaland African Congress adamangidwa n'kuikidwa m'sitima ya Mpasa padooko lino. Khamu la anthu lidasonkhana kufuna kuti abale awo amasulidwe, asilikali adaombera, ndipo anthu osachepera 20 adafa. Tsiku lokumbukira ofera ufulu, limene ana amapuma kusukulu chaka chilichonse, lili ndi malo ake enieni, ndipo chipilala cha mayina awo chili pomwepo kuti aliyense awerenge.

Pobwerera

Ulendo wonsewu, kupita ndi kubwerera mosathamanga, umafuna sabata imodzi kapena kuposerapo, ndipo si banja lililonse lingaukwanitse pakamodzi. Palibe cholakwika kuudula pawiri kapena patatu: chaka chino Liwonde ndi Mangochi, chaka china Salima ndi Nkhotakota. Sukulu, mipingo, mizikiti ndi magulu a amayi athanso kukonza maulendo otere. Chofunika n'choti ana apatsidwe kope alembemo mayina a mitsinje imene aoloka, nsomba zimene aona ndi moni wa zilankhulo zimene amva, ndiponso kuti agogo asasiyidwe, chifukwa iwo ndi amene angalumikize zimene zikuoneka ndi zimene adamva kwa makolo awo.

Ndalama zanu zisiyeni m'manja mwa anthu a m'madera amene mukudutsa: mayi wokazinga nsomba, mnyamata wa bwato, wosema ndi woluka mikeka. Zinyalala zanu, makamaka mapulasitiki, bwererani nazo. Ndipo zimene mwaona ku Bua ndi ku Mbenji mubwere nazo kwathu, chifukwa Phalombe amadziwa mtengo wa phiri lopanda mitengo. Napolo wa mu Malichi 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 adatiphera abale ndi kukwirira minda, ndipo Chilwa akucheperachepera ndi dothi lochokera m'minda yathu. Anthu amateteza chimene akuchidziwa ndi kuchikonda. Nyanja ya Malawi idzasamalidwa bwino pamene Amalawi ambiri, kuphatikizapo a m'midzi ya kumtunda ngati kwa Kaduya, adzakhala ataiona okha n'kuitenga kuti ndi yawo, ndipo udindo wowafikitsa ana kumeneko uli m'manja mwa makolo.